Makilo a Achemwali

A Bakali Hassani, mlangizi wa zaumoyo wa ku Ulongwe, anabwerako ku msonkhano wa masiku atatu ku Liwonde ali ndi chikwama chatsopano, tisheti yowathina pamimba ndi chipepala chachikulu chopindapinda. Kumeneko anawaphunzitsa kuti kunenepa kopitirira muyezo si mlandu wa pakamwa pokha, chinthu chilichonse chimakoka chinzake. Anaphunzira zimenezi m'chipinda chozizira bwino, pakati pa tiyi wa teni koloko ndi nkhuku yokazinga ya masana.

Pachipepalapo panali mivi makumi anayi, ndipo isanu anajambula okha. Wina unkachoka pa njinga za kabaza kukabaya miyendo yosayenda. Wina unkachoka pa mafuta ophikira otchipa kupita pa chiwaya cha tchipisi, kuchoka apo nkukagwera pamzere wa odwala shuga kuchipatala. Anachikhoma pabalaza, atachotsa kalendala.

Woyamba kulawa nzeruzi anali mlongo wawo wamkulu, a Mwanaidi, okazinga milamba ya kunyanja ya Chiuta m'mbali mwa msewu nkumagulitsa pamawindo a minibasi. Adokotala anali atawapeza ndi shuga, nkuwauza mosapsatira kuti akapanda kutsitsa thupi mapazi adzachita dzanzi, kenako adzataya mwendo.

"Achemwali, vuto si inu," anatero a Bakali, akuika sikelo pansi. "Vuto ndi dongosolo lonse."

"Ndiye kayezeni dongosololo. Mwandibweretseranji ine sikeloyo?"

Anakwerabe. Makilo 94.

Chodabwitsa nchakuti anamvera. Tiyi anayamba kumwa wopanda shuga. Madengu a nsomba ankakatenga wapansi kusiteji ya lole. Tizidutswa tophwanyikira m'chiwaya, tomwe kale tinkathera pakamwa pawo, anayamba kupatsa agalu. Lachisanu lililonse, akatuluka mumzikiti, a Bakali ankabwera ndi sikelo: 91, 88, 84. Mu lipoti lawo anawatcha "chitsanzo cha dera", ndipo dzina lawo iwo analilemba kawiri.

Pofika 81, msika unasintha mawu. Nelia wa tomato, amene kale sankatha tsiku osawanena kuti akumutchingira dzuwa, anayamba kuwapatsa moni wapansipansi, uja wa pamaliro. Makondakitala ankagula kwa ena. Mayi wina wosamudziwa nkomwe anawagwira dzanja nkuwanong'oneza kuti masiku ano mankhwala alipo, palibe chochititsa manyazi.

Kenako kunabwera a Hamadi, msodzi wachikulire wa ku Chiuta amene anawadziwa onse ali ana. Anatsika mulole a Bakali ali pomwepo, nkuwaona a Mwanaidi chakumbuyo atawerama pachiwaya.

"Fauziya?"

A Mwanaidi anatembenuka. Mkuluyo anagwira pakamwa. "Astaghfirullah. Pepani, mwanangu. Masowa akalamba."

Fauziya anali chitsirizira m'banjamo. Anamwalira mu 2003, mankhwala asanafike kumidzi, atawonda mpaka chibangili chake chinkakwera kufika kukhwapa. A Bakali anali m'gulu la onyamula jeneza, chonyamulira maliro. Amuna amalandirana pamapazi angapo alionse kuti aliyense apezeko madalitso, ndipo tsikulo aliyense wolowetsa phewa ankayang'ana mnzake kaye, kenako pansi. Zinali ngati anyamula nsalu yokha. Kuchokera tsiku limenelo a Bakali sanakolekenso kanthu paphewa lamanja, ndipo sanauzepo munthu chifukwa chake.

Tsopano nawonso anayamba kuziona. Mafupa awiri aja a m'munsi mwa khosi. Mmene nkhope inkasuzumirira mumpango, maso atakula. Ngakhale kaimidwe, dzanja limodzi m'chiuno ngati likugwira thupi kuti lisagwe. Zaka makumi awiri Fauziya anali atabisala m'mnofu wa mkulu wake, ndipo iwo ndi sikelo yawo ndi amene ankamufukula, kilo imodziimodzi.

Lachisanu lotsatira anawapeza a Mwanaidi akumwa tiyi wa mkaka ndi mandasi atatu. Supuni inali ikadali m'kapu.

"Achemwali, adokotala aja anati chiyani?"

"Ndinamva. Makutu sanawonde."

"Anthu angolankhula chifukwa cha umbuli. Tikawaphunzitsa..."

"Iyayi, achimwene, anthu asiyeni. Ndikunena za galasi la m'nyumba mwanga. Mmawa ndikamanga mpango, amene akundiyang'ana si ine." Anaviika ndasi mutiyi. "Pachipepala chanu chija, Fauziya ali pati?"

Ku Liwonde funso limeneli silinafunsidwe.

"Ine pondinyamula amuna adzatuluke thukuta," anatero a Mwanaidi. "Adzadziwe kuti m'menemo muli munthu."

Atafika kunyumba, a Bakali anaima kutsogolo kwa chipepala chija, cholembera chili m'manja. Panali kabaza, panali mafuta, panali ndondomeko za boma m'kabokosi kakekake. Manda panalibe. Anajambula kabokosi kakang'ono m'munsi, pakona, koma anasowa kolozetsa muvi wake, poti unkafunika kubaya paliponse.

Sanasiye kubwera Lachisanu. Ankalankhulabe za masamba ndi kuyenda, mawu onse olondola, m'dongosolo lake. Makilo ankakwera: 86, 90, 95. Ndipo chinthu chimene sakanachilemba mu lipoti lililonse nchakuti singano ya sikelo ikakwera, mtima wawo unkakhala pansi. Mafupa a pakhosi aja anakwiririka. Makondakitala anabwerera. Nelia anayambiranso chipongwe.

"Tsopano ndiye mwachira, mayi. Dzuwa langa lapitanso."

Lachisanu lina la mwezi wa Okutobala, kukutentha, a Mwanaidi anavula mapatapata nkukwera pasikelo akuseka ndi Nelia. Atatsika, pomwe panali chidendene chamanzere panatsala chidindo chofiira. A Bakali anayang'ana pansi. Madontho ena ouma anali m'fumbi, kuchokera kuchiwaya, kupita kumsewu, kubwerera, kupitanso. Anali a kuyambira mmawa.

Anagwada nkunyamula phazilo. Munga wa mlamba unali utaboola patapata nkulowa theka lonse m'mnofu. Anaugwira ndi zala ziwiri, nkukoka pang'onopang'ono, akudikira kuti mlongo wawo akuwe kapena awamenye m'mutu.

A Mwanaidi anali atatembenukira ku minibasi yomwe inkaima, akukweza mbale ya nsomba.

"Achemwali, sizikupweteka?"

"Chiyani?" Anayang'ana pansi, nkuona mchimwene wawo atagwada m'fumbi ndi tisheti ya kumsonkhano. "Mukundiyeza ndi mapazi omwe tsopano? Tanenani, lero ndi angati?"

"Makilo 97."

"Alhamdulillah," anatero a Mwanaidi, nkusolola phazi m'manja mwawo, kuthamangira kuwindo la minibasi.