Nsanja ya Nthambi za Maapozi

Vjeko analonjeza pagulu, kapu ya kachasu wa rakiya ili m'manja, kuti pa ukwati wa mwana wake Dunja alendo adzadya mbawala yowombera yekha. Ukwati unali Loweruka. Nyengo yololedwa kusaka inali kutha Lachinayi.

Vuto linali nsanja yobisalirapo. Anaikhoma yekha mumtengo m'mphepete mwa nkhalango, matabwa atsopano oyera mbee, ndipo kwa milungu itatu mbawala zinkangoiyang'ana patali n'kukhotera kwina.

"Alamu, chimenechi ngakhale mbawala yakhungu ingachione," anatero Stipan, mchimwene wa mkazi wake. "Pakani matope, muphimbe ndi nthambi za paini."

"Mfuti ndinayamba kugwira inu mukuyamwa."

"N'chifukwa chake yatopa."

Paini anali kutali, kuseri kwa phiri. Koma kuseri kwa nyumba kunali mulu wa nthambi za maapozi zimene anali atangosadza, ndipo mkazi wake Ljerka tsiku lililonse ankafunsa kuti, "Bambo ake Dunja, zimenezi zichoka liti?" Vjeko anazilonga m'ngolo, nakazimangirira ndi waya pamakwerero, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Nsanja inabisikadi. Anabwerera kunyumba akuimba mluzu.

Lachinayi m'mamawa anakwera, nthaka itauma gwa ndi chisanu. Kutangoyera, mbawala zinabwera zinayi, koma zinatulukira kumbuyo, kumene thunthu la mtengo linkamutchinga. Sizinakhote. Zinafika molunjika pansi penipeni pa nsapato zake.

Kenaka anamva kutafuna.

Apo m'pamene anakumbukira chifukwa chimene munda wake wa maapozi anauzingira ndi mpanda. Nyengo yachisanu, msipu utatha, palibe chimene mbawala imakonda kuposa khungwa la nthambi za maapozi.

Anasuzumira pampata wa matabwa. Nyama ya ukwati inali pomwepo, yonenepa, makutu akugwedera. Mfuti sikanaloza pansi popanda kuboola phazi lake. Atasuntha pang'ono, thabwa linalira. Zonse zinadzutsa mitu, zinamvetsera, n'kupitiriza kudya.

Yaikulu inakoka nthambi ina. Waya sanalole, poti Vjeko akamanga chinthu amamangadi. Inakokanso. Makwerero anapendekeka, n'kugwa khu! Anangoona timichira toyera tikulowa m'nkhalango.

Anakhala kanthawi, mphuno ikuchucha, asanatulutse foni.

"Alamu, mubwere ndi makwerero."

"Mwapha?"

"Ndazidyetsa."

Lachisanu, nkhumba imene Vjeko ankaisungira masoseji a chaka chonse inalowa mumphika waukulu. Ljerka anathira tsabola wa paprika mosaumira, kuti alendo asazindikire kuti si mbawala.

Pa ukwati, Stipan anadikira kuti oimba apume, nakweza mawu kuti tebulo lonse limve.

"Alamu, mbawala iyi yanona bwanji. Inkadya chiyani?"

"Maapozi," anayankha Vjeko, maso ali m'mbale.

Sananame. Nkhumbayo inakulira maapozi akugwa okha a m'munda womwewo.