Theka la Munda wa a Onesimo

Petronela ankachita digiri yachiwiri ya jogalafe, ndipo kafukufuku wake anali woyeza thanzi la mbewu pa zithunzi zojambulidwa ndi setilaiti. Pakompyuta, chimanga chokhuta chimaoneka chobiriwira, chanjala chotuwa. Kuti aphunzitsi ake akhulupirire njirayo, pankafunika munda wosathira kanthu woti aufananize ndi wothira. Choncho anapempha bambo ake, a Onesimo, kuti theka la munda wawo wa m'mbali mwa phiri la Bangwe lisaone feteleza chaka chimenecho.

A Onesimo anavomera pakamwa pokha. Munthu woti anachoka ku Nsanje ali mnyamata koma khasu osalitaya, ungamuuze aziyang'ana chimanga chake chikuchita chikasu, m'mbali mwa njira yopita kutchalitchi? Akhristu a mumphakati mwawo anayamba kufunsa ngati kunyumba kuli bwino. Mayi Margret, wapampando wa mphakatiwo, sanafunse n'komwe. Loweruka lina anatulukira ndi anzawo atasenza manyowa a nkhuku, n'kuthira theka lonselo uku akuimba. A Onesimo sanawaletse, anangotumiza tiyi.

Petronela anadziwa zimenezi mitambo itayera, zithunzi zatsopano zitabwera. Mbali yotuwa ija inali itabiriwira. Anakwera minibasi yopita kwa bambo ake mtima ukuwawa, poti dzinja silibwera kawiri pachaka.

Bambo ake sanakane mlandu. Anati manyazi anawakulira, komanso munthu wobwera kudzakuthandiza sum'bweza ndi katundu pamutu. Madzi akatayika saoleka, Petronela anangofunsa tsiku limene anathira, n'kukhala pakhonde ndi kompyuta yake kundandalika zithunzi. Kutuwa kunalipo mpaka Loweruka lija, kenako kubiriwira kunayamba, kukumka kukula chithunzi ndi chithunzi. Setilaiti inali itaona chimanga chodwala chikuchira, osauzidwa ndi munthu. Ataimbira aphunzitsi ake, iwo anaseka n'kumuuza kuti alembe zimenezo, umboni wake ndi womwewo. Petronela anasangalala mpaka kuiwala kuti anabwera kudzakalipa.

A Onesimo anasendera pafupi, n'kuloza timabokosi tobiriwira toimira munda wawo pakompyutapo.

"Ndiye kuti munda wangawu amauona kuchokera mumlengalenga?"

"Amauona, ababa."

A Onesimo anapukusa mutu.

"Iwe mwana iwe. Ndiye umafuna manyazi anga achoke ku Bangwe kuno akafike mpaka kumeneko?"