Mbewa za ba Enos

Ndinachoka ku Lusaka mu 1991. Nditabwerako patatha zaka zisanu ndi zitatu, ndinapeza mu labu yathu akugulitsiramo salaula, zovala zakaunjika. Pamene panali maikulosikopu panali mulu wa majekete a azungu akufa. Amati ndiko kutseguka kwa chuma.

Ndinafunsa mlonda za ba Enos, amene ankatisamalira mbewa.

"Bali ku Kalingalinga. Koma muchenjele madamu, ni mfiti baja."

Ntchito yathu inali yobaya mbewa zoyera malungo a mbewa, kuti tione mmene ubongo umatupira ndi mmene timitsempha take timatsekekera. Mbewa ikafa, tizilombo ta malungoto timafera momwemo. Firiji yathu inali yosadalirika, choncho tsiku lachisanu ndi chimodzi lililonse ba Enos ankatenga magazi a mbewa yotsala pang'ono kufa n'kubaya ina yamoyo. Ponyamuka ndinawauza mopepuka, chikwama chili paphewa: "Musaleke ba Enos, nizabwela manje manje."

Ndinafika kwawo dzuwa lili paliwombo. Nyumba zoyandikana nawo zinali zitatseka mawindo a mbali imeneyo ndi njerwa.

"Ba Ida, mwabwela," anatero, ngati ndinangopita kukagula buledi. "Ngenani. Sininaleke."

M'katimo munali zitini za mafuta ophikira zovindikira ndi waya, kufika kudenga. Mbewa zambirimbiri, koma zii. Imodzi inali itapendeketsa mutu, ikugubuduzika mbali imodzi yokhayokha. Pashelefu panali mabotolo a jamu, m'kati mwake maubongo aang'ono ngati mtedza akuyandama m'kachasu, lililonse ndi tsiku lake. Ndinasiya kuwerenga.

"Pamene banativalila labu, ninazinyamula pa wilibala. Bakazi banga banayenda. Ku chechi bananichosa. Ati nidyesa vinthu."

"Nanga munalimbikiranji, ba Enos?"

Anandiyang'ana modabwa. "Mwana wanga Anna anapendeka mutu so, pamene anamwalila. Imwe munakamba ati tikapitiliza tizaziba chamene chimatupisa."

Ndinanenadi. Zimene sindinawauze n'zakuti kunja kumene ndinapitako tizilombo tomweti tili m'mafiriji, aliyense amangoitanitsa. Zotsatira zathu ndinazisindikiza kalekale, dzina lawo mulibe, ndipo mbewa ndinazisiya chaka chachiwiri. Ndinabwera kuti ndiwauze zimenezi. M'basi monse ndinkayeseza mawu ake.

Mbewa ija inayamba kugwedezeka, miyendo itawuma. Zinzake zonse zinatembenukira kumene ndinaima.

"Lelo ni siku yake," anatero ba Enos. "Maso yanga yasila, nimaphonya msempha. Iyi ikafa tisanatenge, vonse vasila. Mwafika bwino."

Anandipatsa jakisoni wagalasi, yemwe uja wa ku labu, manambala ake atafufutika.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Kenako ndinapinda manja a bulauzi, n'kuigwira mbewayo pakhosi. Inali yotentha. Zala zanga zinali zisanaiwale.

"Bweretsani yamoyo," ndinatero.