Wani Kapena Thuu

Ba Muriel Besa ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto m'tauni ya Lusaka. Zaka ziwiri m'mbuyomo anawachotsa bere lakumanzere chifukwa cha khansa. Atachira, adokotala anawapatsa timapiritsi toti azimwa kamodzi patsiku kwa zaka zisanu kuti matendawo asabwerere. Kuchipatalako anawalembanso m'gulu la olandira meseji pa foni. Eyiti koloko iliyonse m'mawa foni inkalira n'kufunsa ngati amwa. Akamwa ankayankha wani, akapanda kumwa thuu.

Chovuta chinali kutentha. Mapiritsiwo ankawayatsira moto m'thupi mwadzidzidzi, kuyambira pachifuwa mpaka kumaso, thukuta kamukamu ngati wina wawakhuthulira ndowa. Tsiku lina mu Okutobala, wophunzira atazimitsa injini pamaloboti mumsewu wa Cairo, maminibasi akuliza mahutala kumbuyo, bulauzi itamatirira kumsana, ba Muriel anaona kuti zakwana. Atafika kwawo ku Chilenje anakankhira botolo kuseri kwa makapu m'kabati. Koma wani sanasiye kutumiza. Chiyambire sankafuna kuoneka wolephera pamaso pa munthu, ngakhale pa foni.

Patapita masabata angapo kunabwera wophunzira watsopano, ba Josephine Nkandu a ku Kabulonga, mayi wamasiye wa imvi zake. Amuna awo anasiya galimoto m'galaja, ndipo iwo anali atatopa kupempha adzukulu kuti awaperekeze kutchalitchi. Tsiku lachitatu, akuyandikira raundabauti ya ku Longacres, mafoni awiri analira pamodzi, kaliridwe kofanana. Ba Josephine anakhotera m'mbali osayatsa n'komwe indiketa, n'kutulutsa piritsi ndi kabotolo ka madzi m'chikwama. Anameza, anatumiza wani, kenako anayang'ana chala cha aphunzitsi awo chomwe chinali chitatumiza kale wani.

"Ba ticha, kansi na imwe muli mu gulu yathu? Manje mwamwa nthawi bwanji? Tili tonse mu motoka kuchokela seveni."

Ba Muriel anayamba ndi kunena kuti anamwera kunyumba, koma bodzalo linawathera pakamwa ndipo anangoseka. Anaulula kuti patha masabata asanu ndi awiri botolo osalikhudza, n'kufotokoza za kutenthako. Ba Josephine, omwe anali m'chaka chachinayi cha mankhwala omwewo, anati thukutalo akulidziwa bwino, linawachititsapo manyazi paukwati wa mwana wawo. Anati iwo thuu anatumizapo kambirimbiri ndipo palibe wapolisi anabwera kudzawagwira.

"Wani yanu ikondweletsa chabe kompyuta. Tumani thuu, muone ngati munthu sazakutumilani foni."

M'mawa mwake ba Muriel anaiyang'ana foni nthawi yaitali, kenako anadina thuu. Teni koloko isanakwane, ba Josephine akulimbana ndi livesi pakati pa migolo pabwalo lina ku Woodlands, foni inaitana. Anali nesi wa kuchipatala kuja, dzina lake Febby. Sanakalipe. Anafunsa kuti kutenthako kumabwera kangati, ngati akugona bwino, n'kuwapezera malo Lachinayi kwa adokotala. Ba Muriel ali pa foni chomwecho anamva mgolo umodzi ukugubuduzika kumbuyo, koma sanacheuke.

Adokotala anawauza mosabisa kuti kusiya kunali kuseweretsa moyo, koma anati si iwo oyamba. Anagwirizana kuti ayese kumamwa madzulo, zikakanika adzaonenso za mankhwala ena. Febby anasinthira meseji ija ku seveni koloko ya madzulo. Kutentha sikunatheretu, kungoti kunayamba kuwapeza ali kunyumba atavala chitenje, osati ali pakati pa maminibasi. Anagulanso kafani ku Kamwala n'kukamangirira kutsogolo m'galimoto, ophunzira nawo n'kupezerapo mpweya. Atapita kumaliro ku Chelstone n'kuiwala botolo masiku awiri, anatumiza thuu kawiri konse mtima uli m'malo.

Ba Josephine mayeso oyamba analephera, a chiwiri anakhoza mu Januwale. Masiku ano amadziyendetsa okha kupita kutchalitchi ku Kabwata, ulendo wonse pa giya yachiwiri, ndipo akafika amaimbira ba Muriel kudandaula kuti anthu a mu Lusaka sadziwa kupaka galimoto.