Mtambo pa Phapo Lakumanja

Chifuwa cha Make Bwana chitakwanitsa milungu itatu, apongozi ake anagamuliratu mlandu: chikakhala chifuwa chachikulu, mwana achoka kubere, azikagona kwa iwo mpaka mankhwala adzathe. Miyezi isanu ndi umodzi! Mwanayo anali ndi miyezi inayi yokha. Pakhomo ankangomutchula kuti Bwana, poti akangoti ng'aa, aliyense ankasiya chimene wagwira.

Make Bwana sanalimbane nawo. Anali telala, ndipo ankadziwa kuti nsalu sudula usanayeze. Lolemba anakasiya makhololo kuchipatala, ndipo anamuuza kuti abwere Lachitatu adzamujambule m'chifuwa.

Anakonzeka ndithu. Kasitomala wina anali atamuuza kuti makina ojambulawo sagwirizana ndi chitsulo, ndiye anavala diresi lopanda zipi, lopanda mabatani, ndolo n'kuzisiya m'kapu. Dzulo lake mlamu wake, mchemwali wa bambo a mwanayo, anamuluka meshi wofika m'chiuno, n'kumupaka mafuta mpaka waliwali.

"Mukapita ndi mutu ngati chisa cha mpheta, akakugonekani asanakuyezeni n'komwe," anatero mlamuyo. M'mawa anamuperekeza, Bwana ali kumsana.

Chipinda chojambulira chinali chozizira, chopanda windo. Wojambula, bambo wamagalasi wolankhula ngati akuwerenga, anamupatsa gauni kuti akavale kuseri kwa katani. Meshi uja ankangolendewera, ndiye Make Bwana, posafuna kusokoneza anthu pantchito yawo, anamusonkhanitsa n'kumulowetsa m'kati mwa gauni kumsana. Anatuluka ali bwinobwino.

"Chifuwa chigunde apa. Manja m'chiuno, zigongono kutsogolo. Kokani mpweya. Gwirani pomwepo! Basi, pumani."

Kwa dokotala analowa onse atatu. Dokotalayo, mayi wa imvi zapatalipatali, anatembenuza kompyuta kuti nawonso aone. Nthiti zinaoneka ngati mahang'ala a zovala osanjikizana. Koma kumtunda, mbali yakumanja, panali poyererako ngati kamtambo.

"Makhololo anu alibe kachilombo," anatero adokotala. "Koma apa sindikupamvetsa. Chifuwa chachikulu chimakonda malo amenewa."

Make Bwana anamva mabere akulemera. Anayang'ana mwana wake, amene ankatafuna kolala ya azakhali ake mosatekeseka. M'mutu anali atayamba kale kulongedza: matewera, kabulangete kabuluu, sopo wosayabwa uja.

Adokotala anakulitsa chithunzicho, natsata kamtambo kaja ndi cholembera. Anakwera nacho, anakwera nacho, mpaka m'khosi. Kenako anavula magalasi n'kuyang'ana wodwala wawo, osati kumaso, koma kumutu.

"Nthenda ya m'phapo sikwera khosi ngati chingwe, amayi. Pojambula paja tsitsili linali kuti?"

"Ndinalibisa m'gauni, adokotala. Kuti lisasokoneze."

"Ndiye lasokoneza. Makinawa saona chitsulo chokha. Tsitsi lolukidwa lokhuthala chonchi, ndi mafuta akewa, limatuluka ngati mthunzi. Mwina ndi lomweli, mwina ayi. Kajambulitseninso."

Panja mlamu uja anagwira pakamwa. "Ndiye mukuti nthendayi ndaluka ndine?"

"Mwaluka ndinu, alamu. Maola asanu, khosi langa lonse kuuma."

"Koma ndinaluka bwino, eti? Mpaka makina achita kusirira."

Make Bwana anafuna kuseka, chifuwa n'kumutsekereza. Sanafune kusangalala msanga. Mawu aja akuti "mwina ayi" anali adakali m'khutu.

Wojambula atamva, anapukusa mutu. "Ine ndimafunsa za ndolo, za mikanda, za mapini. Tsitsi ndikaliona ndimanena. Koma inu munachita kulisunga ngati katundu wakuba."

"Mukanafunsa, bambo."

"Kuyambira lero ndizifunsa."

Panalibe chomangira. Make Bwana anapisa m'chikwama, natulutsa tepi yake yoyezera, naunjika meshi yense pamwamba pamutu, n'kumanga mfundo ziwiri. Anagunditsa chifuwa pachitsulo chozizira chija, nakoka mpweya wonse umene mapapo ake akanatha kunyamula.

Ulendo uno adokotala anayang'ana nthawi yaitali kuposa poyamba, mbali iyi, mbali inayo.

"Mwayera. Kamtambo kaja kapita ndi tsitsi lake." Anafunsa za ntchito yake, za fumbi la nsalu, za mawindo a m'chipinda chosokera. Analemba mankhwala, namuuza kuti azivala chophimba mphuno podula nsalu, ndipo chifuwacho chikapitirira milungu iwiri abwerenso osazengereza.

Make Bwana sanadzuke pampando. "Adokotala, mundilembere papepala kuti mwana aziyamwa. Apongozi anga za pakamwa samva."

"Ndani anati asiye? Chikanakhala chachikulucho, bwenzi mukumwa mankhwala, iyenso tikumupatsa ake omuteteza, akuyamwa ndithu."

"Zimenezonso mulembe. Ndi chidindo."

Adokotala anamwetulira, nalemba, namenya chidindo. Make Bwana anawerenga pepalalo pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere uliwonse, kenako analipinda kanayi.

Pabenchi yapanja anatambasula manja. "Bweretsani kuno munthuyo, alamu. Diresi lanyowa kale."