Imvi Zotsalira M'lumo

"Ili si la a Ndau," adatero Nangozo, nakabweza kalumoko pamphasa ngati kamuotcha.

Anthu amene adali pakhonde adayang'anizana. Pamphasapo padali bulangete lotuwa, wotchi yakufa, ndi kalumo kapulasitiki kabuluu. Ndiye katundu yense amene Kingston, bambo wa m'mudzi wa tsidya yemwe adali atangofika kuchokera ku Joni, adadzatula m'mawa wa Lachisanu limenelo. Uthenga wake udali waufupi. Maynard Ndau, mwamuna wa Nangozo, adamwalira ndi chifuwa nyengo yokolola, ndipo anzake adamuika komweko.

"Mlamu," adayankhula Fanizo, mkulu wake wa Maynard, "bulangete simunalikane, wotchi simunaikane. Nanga kalumo kakulakwirani chiyani?"

"Bulangete amafunda aliyense, alamu. Wotchiyo sindikuidziwa. Koma za lumo musandiuze. Taonani ndevu zadzazamu, sopo waumira momwemo. A Ndau angasiye lumo lawo chonchi? Iwo aja?"

Kingston adakanda kumutu. "Kunena zoona, mayi, manda ine sindinawaone. Katunduyu anandipatsa ndi mnzathu wina wa ku Dedza, ati ndikatule kwa abale ku Manjawira. Ati kumgodi anachokako kalekale, ankagwira ntchito pa famu."

"Mwamva? Ati, ati. Munthu amafa ndi ati?"

Fanizo adatsokomola. Iye adali munthu wokonda kumanga nkhani ndi mwambi, ngakhale pamene mwambi sukufunika. "Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Zaka zisanu ndi zitatu takhala mumdima. Lero mlendo watitsegula m'maso."

"Kalumo ka mlendo wanuyu n'kobuntha," adayankha Nangozo.

Amayi awiri adaseka kukamwa atatseka ndi chitenje, kenaka adakumbukira kuti abwerera maliro, nawerama.

Maynard adapita ku Joni ndi Theba, kampani yolemba anthu ntchito za kumigodi, mwana wawo Janeti akadali kumsana. Zaka ziwiri zoyamba makalata ankabwera. Kenaka kudangoti zii. M'mudzi adayamba kumutchula kuti mtchona, poyamba monong'ona, pambuyo pake ngakhale pamaso pa mkazi wake.

Munthuyo adalibe ng'ombe, adalibe njinga, koma adali ndi lumo lachitsulo, lolemera m'manja, ndipo ankalisamala ngati mwana wobadwa yekha. Loweruka lililonse masana ankapachika kagalasi pamtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba n'kumeta ndevu, akuimba nyimbo ya kutchalitchi yomwe mawu ake sankawadziwa onse. Akatha, ntchito yeniyeni ndiye imayamba. Ankamasula chogwirira, n'kulekanitsa timbale tiwiri topana lezala, n'kutsuka chilichonse pachokha m'madzi otentha. Ankachotsa tsitsi m'timano take ndi mswachi wakale, n'kupukuta, n'kuyanika padzuwa. Pomaliza ankadonthezapo dontho limodzi la mafuta a makina osokera.

"Lumo saligoneka lonyowa, Nangozo," ankatero. "Dzimbiri siliodira."

Tsiku lonyamuka adaliika m'kachitini n'kumupatsa mkazi wake. "Ili ndikusiya. Kumeneko ndikagwiritsa ntchito malumo a eni. Ndikadzabwera ndidzafikira kumeta, moni pambuyo."

Basi mawu amenewo ndiwo adamumanga Nangozo. Loweruka lililonse kwa zaka zisanu ndi zitatu ankatulutsa lumolo, kulimasula, kulipukuta, kulidontheza mafuta, ngakhale kuti padalibe chibwano choti limete. Anzake kuchitsime ankamunena. "Anzanu tikusamala amuna, inu mukusamala lumo!" Iye ankaseka nawo. Koma ankamusowa mwamuna wake koopsa, ndipo fungo la mafuta aja likamufika m'mphuno ankamva ngati munthu akuimba kuseri kwa nyumba.

Tsono Lachisanu limenelo Fanizo adafika pa chimene adadzera. "Mlamu, talira mumtima nthawi yaitali. Lolemba timeta. Tikameta tikusudzulani mwaulemu. Mukafuna kubwerera kwanu ku Kandeu, njira ili yoyera. Mukafuna kukhala, munda ndi wa Janeti. Koma mbale wanga agone."

Nangozo ankadziwa bwino tanthauzo la kumeta. Tsitsi likagwa pansi, munthu wapita, ndipo mkazi wake salinso mkazi wake. Nanga akakhala kuti ali moyo? Kumeta maliro a munthu wamoyo ndi kumupha ndi manja ako.

"Mutu wanga sumetedwa chifukwa cha lumo la eni," adatero. "Ndipatseni mawa lokha. Ndikawafunse Che Omari, amene amagulitsa zimenezi. Akakandiuza kuti munthu waukhondo angathe kusiya lumo lotere, ndidzakumverani."

"Chabwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha," adatero Fanizo, akudzuka.

M'mawa mwake Nangozo adamanga kalumoko pamfundo ya chitenje, pamodzi ndi khadi lachipani, poti popanda khadilo pamsika sankalowapo. Lidali Loweruka, ndipo kwa nthawi yoyamba kachitini kaja sadakatsegule. Njira yonse ankadziyankhulira yekha. Si lawo. Si lawo.

Sitolo ya Che Omari idali m'mbali mwa msewu waukulu. Mwini wake adali mkulu wa kapusi woyera ndi ndevu zodulidwa bwino, munthu amene sankagulitsa chinthu osachiyankhulira. Kabotolo ka mafuta a makina Nangozo ankakagula kwa iyeyu, monga ankachitira mwamuna wake kale. Nkhani ya dzulo idali isadafike kusitoloko.

"Mayi Nangozo! Mafuta atha kale? Kapena makina osokera aja mwagula tsopano?"

"Ayi, Che Omari. Ndabwera ndi funso." Adamasula mfundo. "Munthu waukhondo, wodziwa kusamala zinthu zake, angasiye lumo lake lili chonchi?"

Che Omari adavala magalasi, nakatembenuza kalumoko uku ndi uku. "Aa, awa ndi atsopano aja. Kwa ine sanafike, koma ku Limbe ndinawaona. Mwalitenga kuti?"

"Landipeza."

"Taonani, mayi. Lachitsulo lija mumalimasula, mumatsuka paliponse, mumasintha lezala. Limakalamba ndi mwini wake. Koma ili, malezala ake ndi awiri, anawamatira pamodzi kufakitale. Silitseguka. Ndevu zikalowa pakati apa, zalowa." Adatenga ndodo ya machesi nayesa kutokosa. Ndodoyo idathyoka. "Mwaona? Ngakhale mutakhala waukhondo ngati namwino, simungazichotse zonse. Kumeta limameta bwino, silicheka munthu, izo ndisaname. Koma ndi la anthu othamanga. Mutu ukabuntha mumautaya, n'kugula wina."

Nangozo adagwira m'mphepete mwa kauntala. Umboni wake wonse udali pa litsiro limenelo, ndipo tsopano udasweka ngati ndodo ya machesi ija. Komabe adadzilimbitsa mtima. Malumo otere ku Joni alipo ambirimbiri. Lingakhale la munthu aliyense.

"Mutuwo umachoka chonchi," adapitiriza Che Omari, wokondwa kuti wapeza womuphunzitsa. Adakankha ndi chala chachikulu, mutu uja n'kuguluka. Kenaka adaima. Adatikita zala zake ziwiri, nazinunkhiza, n'kuphulika kuseka.

"Ha! Koma mwini wakeyu ngoseketsa. Wakhala akulidzoza mafuta a makina! Taonani mmene adzazira m'kati umu. Pulasitiki imachita dzimbiri? Chinthu chotaya mawa, iye n'kumachidontheza mafuta! Ine pa Manjawira pano ndinkadziwa munthu mmodzi yekha wamisala yotere, ndiye amuna anu a…"

Adayang'ana lumolo, nayang'ana mayiyo, n'kuvula magalasi pang'onopang'ono.

"Linabwera ndi katundu wawo?" adafunsa motsitsa mawu.

"Dzulo."

"Pepani, mayi. Pakamwa panga pandithamangira. Tonse ndife ake a Mulungu, ndipo kwa Iye n'komwe tibwerera."

Nangozo sadalire. Adatola mutu wa lumo uja nauyandikiza pamphuno. Fungo lidali lomwelija, la Loweruka masana pansi pa pichesi. Adapita nawo pakhomo pomwe padali kuwala, nausuzumira nthawi yaitali. Dzulo adangoona litsiro. Lero adaona timatsitsi tating'onoting'ono topanikizika pakati pa malezala awiri aja.

"Che Omari, tabwerani. Maso anga akundinamiza? Izi si imvi?"

Mkuluyo adayang'ana. "Ndi imvi, mayi."

"Anachoka kuno ndevu zili bii."

"Ndikukumbukira."

"Ndiye kuti zaka zonsezi anali moyo. Ankameta, ankadontheza mafuta, koma cholembera chokha ndiye chinawalemera." Mkwiyo udalipo, wochuluka ndithu, koma chimene chidamupweteka kwambiri chidali china. "Akalambira kwa eni, ine osawaona. Ndinkafuna imvi zimenezi zimere ndikuziona, ndiziwaseka."

Che Omari adalowa m'kati. Adabwera ndi kapu ya madzi. Atamwa mayiyo, mkuluyo adati, "Ndingaliviike m'madzi otentha, mwina zina zingachoke. Mulisunge loyera."

"Ayi!" Nangozo adafumbata mutu wa lumo uja. "Musachotse kanthu. Ndilumikizireni momwe linalili. Ndipo mundipatse lezala latsopano, la lumo lachitsulo lija."

Che Omari adalumikiza, natenga lezala m'kapaketi n'kulikulunga m'pepala. Mayiyo atayamba kumasula ndalama, iye adapukusa mutu. "Limeneli ndi chipepeso changa."

Atafika kumudzi adapeza Fanizo akusema mpini pabwalo. Adagwada chapatali.

"Alamu, uzani anthu. Lolemba timeta."

Fanizo adatsegula pakamwa, mwambi uli kale kunsonga ya lilime, koma ataona nkhope ya mlamu wakeyo adaumeza. "Zikomo, mlamu," adangotero.

Lolemba m'mawa abale adasonkhana kuseri kwa nyumba. Azakhali a malemu, amene adapatsidwa ntchito yometa mkazi wamasiye, adali atatenga lezala lopanda chogwirira monga mwa nthawi zonse. Nangozo adawaimitsa. Adalowa m'nyumba natuluka ndi kachitini. Anthu onse akuona, adamasula lumo lachitsulo, naikamo lezala latsopano, namanganso. Lidang'anima ngati logula dzulo.

"Mumete ndi ili, azakhali. Anati akadzabwera lidzayamba ndi ilo kugwira ntchito, moni pambuyo. Abwera."

Adakhala pamphasa pansi pa pichesi nawerama. Azakhali adafupikitsa tsitsi ndi sizasi, napaka sopo, nayamba kumeta. Pamene tsitsi loyamba lidagwera pamwendo pake, Nangozo adalira, kulira kwa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo amayi onse adalandira. Janeti, amene bambo ake ankangowadziwa pa chithunzi, adalira poona amake akulira.

Anthu atabalalika, Fanizo adabwera kudzafunsa ngati atumize uthenga ku Kandeu.

"Ndikolole kaye mbatata, alamu. Za ulendo tidzakamba."

Adatereka madzi. Atatentha adamasula lumo lachitsulo lija, natsuka chilichonse pachokha, nachotsa tsitsi lake lomwe m'timano ndi mswachi wakale uja. Adapukuta, adayanika, nadonthezapo dontho limodzi la mafuta. Kenaka adamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kalumo kabuluu kaja. Adakayang'ana padzuwa kanthawi, n'kukagoneka m'chitinimo pambali pa linzake.

Kameneko sadakatsuke.