Khasu pa Manda a Pempho

Bokosi la Pempho litatsitsidwa m'manda ku Lirangwe, adzukulu sanagwire makasu. Smart, mchimwene wake wa Ethel, mayi wa mwanayo, anatola khasu limodzi n'kuliponya pamapazi pa a Mailosi, malume awo okalamba.

"Kwirirani nokha, mfiti inu! Si ndinu mwamudya mwanayu?"

Aliyense ankadziwa kumene zinkalowera. Nkhalamba ikangolephera kukwirira, chotsatira ndi miyala, ndipo anyamata anali atayamba kale kutola. Nanga akuluampingo aja? Abale inu, maso onse pansi ngati ataya singano. Zamanyazi zedi!

Ethel anali atakhala pansi pakati pa amayi a Mvano omwe anamuperekeza kuchokera ku Chileka, mawu atasasa ndi kulira. Mayi wofedwa sayankhula kumanda, amangogwiridwa mapewa. Koma ataona khasu likupulumuka m'manja mwa a Mailosi, mtima unamuwawa koopsa. Anadzuka.

"Achimwene, mwanayu ndi wanga. Wafera m'manja mwangamu kuchipatala, ndi malungo. Amalume sanamukhudze."

"Khala pansi iwe! Chisoni chakusokoneza mutu."

"Mutu wanga uli bwinobwino. Mulungu amene ndimamuimbira ku tchalitchi uja ali pompano, akuona. Ine ndimaopa Iyeyo, osati inu. Pa manda a Pempho sipafera munthu. Wofuna kugenda ayambe ndi ine."

Anakaima kutsogolo kwa nkhalambayo. Mwala umodzi unabwerabe, unamung'amba pachipumi, magazi n'kutsikira m'maso. Sanasunthe.

"Chabwino," anatero Smart mwaukali. "Tenga mfiti yakoyo uzipita nayo. Koma mwanayu tikwirira iwe kulibe, ndipo pamudzi pano usadzapondenso."

Ethel anasuzumira kabokosi koyera kaja. Mayo ine! Ankafunitsitsa kuponya dothi lake ndi dzanja lake, atsanzikane ndi mwana wake mmodzi yekhayo. Koma ankadziwanso kuti a Mailosi akapita okha, kumsewu sakafikako amoyo.

Anawagwira dzanja n'kuyamba kuyenda nawo pang'onopang'ono, poti miyendo yawo inali yotupa. Anthu anapatuka, osawayang'ana kumaso.

Asanatuluke m'mitengo ya kumanda, Ethel anamva dothi loyamba likugwera pabokosi, di! Kenako lina. Analira mokweza, kuitana dzina la Pempho, dzanja la amalume ali chigwirire.